Nyerere yoyenda mamita 150 pachaka inafika bwanji m'makontinenti 6?

Pali kanyerere kena kofiirira, kotalika mamilimita awiri kapena atatu okha, komwe kwawo kwenikweni ndi m'mbali mwa mtsinje wa Paraná ku South America, cha kumpoto kwa Argentina ndi maiko oyandikana nawo. Akatswiri amakatchula kuti Linepithema humile, koma anthu ambiri amangoti nyerere ya ku Argentina. Ikasiyidwa payokha, nyerereyi imakankha malire a dera lake ndi mamita pafupifupi 150 pachaka, ndiye kuti bwalo la mpira limodzi ndi theka. M'zaka 100 ingayende makilomita 15 basi. Komatu lero ikupezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Inaoneka ku New Orleans m'dziko la America mu 1891, ku California mu 1907, ku Cape m'dziko la South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Melbourne mu 1939, ku Auckland mu 1990 ndipo ku Japan mu 1993.

Ife a gawo la sayansi ndi masamu tasankha nkhani imeneyi chifukwa ikuonetsa bwino mmene akatswiri amagwiritsira ntchito masamu pofuna kudziwa kumene chilombo chachilendo chidzafike mawa. Masamu ake ambiri ndi omwewa ophunzira athu a Fomu 3 ndi 4 amawadziwa kale, ndipo makolo amene anasiya pensulo kalekale asaope, tiyenda pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi khalidwe la nyerereyo, pakuti masamu osadziwa khalidwe la chinthu chimene akuwerengera amasokeretsa. Tonse timadziwa mmene ngumbi zimaulukira mvula yoyamba ikagwa, kupita kukayambitsa zulu zatsopano kutali. Mitundu yambiri ya nyerere imachitanso chimodzimodzi. Nyerere ya ku Argentina ayi. Manthu wake, uja woikira mazira, sauluka. Amakweredwa m'chisa momwemo, ndipo chisa chikadzaza amatuluka wapansi limodzi ndi gulu la antchito n'kukamanga china pafupi pomwepo. Chisa chimodzi chimakhala ndi amanthu ambiri, ndipo m'maiko amene nyerereyi inafika ngati mlendo, za zisa zosiyana nthawi zambiri sizimenyana. Mu 2002 ofufuza anapeza kuti nyerere zotengedwa m'malo otalikirana, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6,000 m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku Italy mpaka ku Spain, zikaikidwa pamodzi zimalandirana ngati za pa mudzi umodzi. Mphamvu zomwe zikanathera pa nkhondo ya pachiweniweni zimathera pothamangitsa nyerere za eni dera.

Nyerereyi ilibe mbola, choncho wina angafunse kuti vuto lake n'chiyani. Achibale athu amene akugwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ku Cape Town angakuuzeni za mizere ya tinyerere yolowa mu shuga ndi m'mapoto. Koma icho n'chaching'ono. M'minda ya mphesa ndi malalanje, nyerereyi imaweta nsabwe za zomera ngati mmene munthu amawetera ng'ombe: imaziteteza kwa adani awo kuti izimwa timadzi totsekemera timene zimatulutsa, ndipo nsabwezo zimachulukana n'kuwononga mbewu. M'tchire la ku Cape lotchedwa fynbos muli zomera zambiri zimene njere zake zili ndi kachidutswa ka mafuta. Nyerere za komweko zimanyamula njerezo kupita nazo pansi pa nthaka, zimadya kamafutako n'kusiya njere itakwiririka, yotetezeka ku mbewa ndi moto. Nyerere ya ku Argentina imathamangitsa zina mwa nyerere zokwirira njerezi, koma iyo siikwirira. Mu 1984 William Bond ndi Peter Slingsby anaonetsa kuti m'malo amene yalowa, njere za chitsamba chotchedwa Mimetes cucullatus zimatsala pamtunda, ndipo moto ukadutsa mbande zimamera zochepa kwambiri. Ndiye funso lakuti nyerereyi ifika kuti zaka zikubwerazi ndi la mlimi, la woyang'anira nkhalango komanso la boma limene liyenera kusankha kokathera ndalama zake zochepa.

Bwalo lomakulakula

Poyankha funsoli akatswiri amapanga chomwe amachitcha model. Imeneyi ndi ndondomeko ya malamulo ochepa, olembedwa m'masamu, otsanzira mmene chinthu chenicheni chimachitira. Si kuombeza. N'chimodzimodzi zimene amachita a zanyengo akamati mwezi wa mawa kugwa mvula yochuluka kapena yochepa: amayang'ana zomwe zinachitika kale, amapeza lamulo lake, n'kuwerengera kutsogolo.

Model yakale kwambiri ya kufalikira kwa zamoyo sinayambire pa nyerere. Mu 1905 munthu wina anamasula pafupi ndi mzinda wa Prague tinyama tingapo ta ku North America totchedwa muskrat, tooneka ngati khoswe wamkulu wa m'madzi. Tinaswana n'kufalikira pakati pa Ulaya, ndipo anthu ankajambula pa mapu pamene tafika. Mu 1951 katswiri wa ku Britain, J. G. Skellam, anatenga mapu amenewo, anayeza kukula kwa dera lonse la tinyamati chaka ndi chaka, anapeza square root ya nambala iliyonse n'kuziika pa graph. Madontho anandandalika mu mzere pafupifupi wowongoka.

Wophunzira amene akukumbukira kuti kukula kwa malo a bwalo lozungulira ndi pi kuchulukitsa ndi radius kawiri waona kale tanthauzo lake. Ngati square root ya malo ikukwera mofanana chaka chilichonse, ndiye kuti radius ikukula mofanana chaka chilichonse. Malire a dera akuyenda pa liwiro losasintha, ngati dontho la mafuta likamafalikira pa nsalu. Liwirolo limadalira zinthu ziwiri zokha: kuswana kwa chamoyocho, ndi mtunda umene ana ake amasuntha kuchoka pomwe anabadwira.

Tiyese pa nyerere yathu. Chaka choyamba radius ndi mamita 150, ndipo malo ake ndi mahekitala pafupifupi 7. Pakatha zaka 10 radius ndi mamita 1,500, malo ndi mahekitala pafupifupi 707. Radius yakula ka 10, malo akula ka 100. Munthu woima pa malire amaona ngati nyerere zikuchedwa, pomwe woyang'ana mapu onse amaona dera likukula mothamanga. Onse awiri akuona zoona.

M'khwalala limodzi kapena m'nkhalango imodzi, model imeneyi imagwira ntchito ndithu. Koma tikaiika pa mapu a dziko lonse imagwa chagada. Kuchokera ku New Orleans kukafika kumizinda ya m'mphepete mwa nyanja ku California ndi makilomita oposa 2,500. Pa liwiro la mamita 150 pachaka, ulendowo ungatenge zaka zoposa 16,000. Nyerereyi inaoneka ku California patangotha zaka 16 chionekereni ku New Orleans. Kaya inakwera sitima ya pamtunda kaya ya pamadzi, chodziwikiratu n'chakuti sinayende wapansi.

Mu 2001 akatswiri atatu, Andrew Suarez, David Holway ndi Ted Case, anasonkhanitsa malipoti akale ndi nyerere zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale, n'kulondola boma ndi boma mmene nyerereyi inafalikira mu America. Anapeza kuti pali mayendedwe awiri osiyana kotheratu. Oyamba ndi aja apansi, a mamita pafupifupi 150 pachaka. Achiwiri ndi kudumpha: nyerere kungotulukira mwadzidzidzi m'tauni ya kutali, pakati ponsepo palibe, pa mitunda yoposa ya apansi ija pafupifupi ka 1,000. Wodumphitsayo ndi munthu. Nyerereyi imakonda kumanga chisa m'dothi la mumphika wa maluwa, m'machubu a mbande, m'matabwa, m'zinyalala ndi m'katundu wokhalitsa pansi, ndipo siivuta kusamuka. Poyesa m'labotale zinaoneka kuti manthu mmodzi ndi antchito 10 okha akhoza kukula n'kukhala mudzi. Gulu lotere likhoza kukwana m'kabokosi ka machesi, malo n'kutsalako.

Choncho mapu enieni saoneka ngati bwalo limodzi lalikulu. Amaoneka ngati nsalu imene yadonthedwa mafuta malo ambiri, kadontho kalikonse n'kumakula pakokha mpaka madontho akumane.

Apa pali masamu amene tikufuna aliyense awayese yekha ndi pensulo, chifukwa yankho lake limatsutsana ndi nzeru zathu za masiku onse. Tiyerekeze kuti m'boma lina muli dera limodzi lalikulu la nyererezi, la radius ya mamita 1,000. Malo ake ndi mahekitala 314. Mulinso timadera 10 tating'ono tomwazikana, kalikonse ka radius ya mamita 50. Tonse pamodzi sitikwana mahekitala 8. Ndalama zogulira mankhwala zilipo zochepa. Tiyambire kuti? Ambiri tingati tiyambire pa dera lalikululo, pajatu ndi pomwe pali nyerere zambiri ndi madandaulo ambiri. Tsono tiwerengere chaka chimodzi kutsogolo. Dera lalikulu radius yake ifika mamita 1,150, malo ake mahekitala 415, ndiye kuti lawonjezera 101. Timadera tating'ono kalikonse radius ifika mamita 200, malo ake mahekitala 12.6, tonse pamodzi 126, ndiye kuti tawonjezera 118. Mahekitala 8 aja abala malo atsopano ochuluka kuposa mahekitala 314, komanso ndi amene anali otchipa kuwathira mankhwala. Michael Moody ndi Richard Mack anaonetsa mfundo imeneyi mu 1988 polemba za zomera zachilendo, ndipo imagwiranso ntchito pa nyerere. Ife tikuona kuti pa zonse zimene model yaphunzitsa anthu pa nkhaniyi, chachikulu n'chimenechi, ngakhale kuti n'chovuta kuchifotokozera anthu okhala pakati pa dera lalikulu amene nyerere zili m'khitchini mwawo lero.

Kuwerengera chinthu chongochitika mwamwayi

Kuyenda kwapansi n'kosavuta kuwerengera. Nanga kudumpha? Palibe amene angadziwe kuti lole yonyamula mbande inyamuka liti ndipo ikatsitsa kuti. Chimene akatswiri amachita n'kuvomereza kuti ulendo umodzi sungadziwike, koma maulendo ambiri ali ndi chizolowezi chake: ambiri amakhala afupi, ochepa ndi aatali, ndipo amathera kumene kuli anthu, misewu ndi madoko.

Kompyuta imagawa mapu m'timabokosi ngati pepala la masamu. Bokosi limene muli nyerere limadetsedwa. Chaka chilichonse cha m'kompyutamo pamachitika zinthu zitatu. Bokosi lodetsedwa limapatsira oyandikana nalo, uku ndiye kuyenda kwapansi. Kenako kompyuta imachita ngati munthu wotola timapepala ta manambala m'chipewa osayang'ana: kapepala koyamba kanena ngati pakhale kudumpha, kachiwiri kanena mtunda, kachitatu kanena mbali yolowera. M'chipewa cha mitunda muli timapepala tambiri ta manambala aang'ono ndi towerengeka ta manambala aakulu, molingana ndi mitunda imene inayezedwa pa mapu akale. Chachitatu, gulu lomwe ladumphalo limapulumuka kapena kufa malinga ndi malo amene lagwera.

Kompyuta ikamaliza zaka 20 kapena 30, pamatuluka mapu amodzi. Ikayambiranso pamatuluka mapu ena osiyana, poti timapepala totoledwa tasintha. Ndiye amaibwereza kambirimbiri n'kuwerenga kuti bokosi lililonse ladetsedwa kangati. Ngati pa maulendo 1,000 bokosi lina ladetsedwa ka 800 ndipo lina ka 30, oyang'anira akudziwa kokayamba kutchera misampha. Mu 2009 Joel Pitt, Sue Worner ndi Suarez yemwe uja anapanga model ya mtundu umenewu ya dziko la New Zealand. Anaiyambitsira ku Auckland mu 1990, n'kuyerekeza mapu otuluka ndi malo amene nyerere zinapezekadi m'zaka zotsatira. Umu ndi mmene model imayesedwera: imapatsidwa chiyambi chokha, n'kuona ngati ingathe kupeza zimene anthu akuzidziwa kale. Ikalephera mayeso amenewo siingakhulupiridwe pa za mawa.

Gawo lachitatu lija, lakuti gulu lipulumuka kapena ayi, lili ndi masamu akeake. Akatswiri amatenga malo onse amene nyerereyi inapezekapo, kwawo ndi kwina komwe, n'kuyang'ana kutentha ndi mvula ya malowo. Akatero amafufuza pa mapu a dziko lonse malo ena a nyengo yofanana. Zimaoneka kuti nyerereyi imakonda nyengo yofatsa, yopanda chisanu choopsa, yonga ya ku Cape, California ndi m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Kuzizira kwambiri kumaiimitsa, ndipo kuuma kumaipha msanga chifukwa kathupi kake kamataya madzi mosavuta. Núria Roura-Pascual ndi anzake anajambula mapu otere a dziko lonse mu 2004, ndipo mu 2011 anaonetsa kuti pambali pa nyengo, chinanso chachikulu ndi mmene anthu asinthira malowo pomanga ndi kulima.

Chifukwa chake chinaoneka bwino pa kafukufuku wina wosavuta amene Sean Menke ndi Holway anachita pafupi ndi San Diego, ku California, n'kusindikiza mu 2006. Anayala mapaipi odontheza madzi m'tchire louma kuchokera pa malire a dera la nyererezi. Nyerere zinatsata chinyezi n'kulowa m'malo othiriridwawo. Atatseka madzi, zinabwerera. Mapu a nyengo amaona bokosi la makilomita angapo n'kunena kuti kuno n'kouma, nyerere singakhale. Koma nyerere siikhala m'bokosi lonselo. Imakhala pansi pa mpopi wodontha, m'dimba lothiriridwa, kuseri kwa bafa. Tauni ya m'dera louma ikhoza kukhala ndi nyererezi pomwe tchire loizungulira lilibe.

Chovuta china chili pa malipoti amene model imadyetsedwa. Dontho pa mapu limatanthauza kuti munthu wina anapita pamalopo, anaona nyerere, anaizindikira n'kulemba. Malo opanda dontho akhoza kukhala opanda nyerere, kapena kungoti sikunapite munthu. Madontho amachuluka pafupi ndi mayunivesite ndi misewu ikuluikulu, ndipo chaka cholembedwa ndi chimene nyerere inaonedwa, osati chimene inafika. Kanyerere kofiirira kakhoza kukhala zaka pamalo anthu akungokayesa nyerere wamba. N'chifukwa chake ntchito yotopetsa ngati ya ku Jasper Ridge, nkhalango ya yunivesite ya Stanford, ndi yamtengo wapatali. Kumeneko, kuyambira 1993, gulu lomwe anayambitsa Deborah Gordon limayendera malo omwewomwewo kawiri pachaka, n'kulemba pomwe nyerere ilipo komanso pomwe palibe. Ntchito yake siifuna makina odula. Imafuna maso, kope ndi kusatopa.

Ndipo nthawi zina chilengedwe chimachita zimene model sinaganizire. Malamulo atatu aja amanena kuti bokosi likadetsedwa ladetsedwa mpaka kale. Koma kafukufuku wa Meghan Cooling ndi anzake, wosindikizidwa mu 2012, anapeza kuti ku New Zealand nyererezi zinali zitatha zokha m'malo 40 mwa 100 alionse amene anabwererako kukayang'ana. Wopanga model woona mtima akamva zotere amawonjezera lamulo lachinayi, lakuti bokosi likhozanso kuyera, n'kuyambiranso kuwerengera.

Kuno kwathu nkhani ya alendo owononga si yachilendo. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America. Mbozi ya ntchemberezandonda yatsopano ija, imene inaoneka mu Africa mu 2016 n'kusakaza chimanga chathu, kwawo ndi kumaiko a America. Chilichonse chimafuna model yakeyake, poti namasupuni amatsata madzi ndipo gulugufe wa mboziyo amauluka mitunda italiitali ndi mphepo. Koma mafunso ake ndi omwewo: chimayenda bwanji chokha, amachinyamula ndani, ndipo chikafika chingakhale pati? Pa nyerere ya ku Argentina, yankho la funso lachiwiri ndi limene limapangitsa kuti maiko ambiri aziletsa kulowetsa dothi ndi mbande popanda chilolezo. Mabasi ndi malole ochokera ku South Africa amatibweretsera katundu wa abale athu sabata iliyonse. Wa pachipata cha m'malire akamafunsa za duwa la mumphika limene mayi atumiziridwa kuchokera ku Cape Town, chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri ndi dothi la mumphikamo.

Mtengo wa kudumpha kumodzi unaoneka pa kachilumba ka Tiritiri Matangi pafupi ndi Auckland, kumene amasungirako mbalame zosowa. Nyerere ya ku Argentina siingawoloke nyanja yokha, koma mu 2000 inapezeka pa chilumbacho, cha kufupi ndi pokochezera maboti. Ogwira ntchito ndi anthu ongodzipereka anayala nyambo ya mankhwala ndi manja, timitanda ting'onoting'ono motalikirana masitepe ochepa, dera lonse limene munali nyerere. Zambiri zinafa msanga. Zaka zotsatira zinathera pa kusaka timagulu totsalira, kalikonse kokwanira kuyambitsa bwalo latsopano la mamita 150 pachaka. Chilumbacho chinalengezedwa kuti mulibenso nyerereyi mu 2016.